Madzi a Zuhura

Lachiwiri, 4 Malichi 2025

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi nambala 5, pafupi ndi zenera la waya. Ndikulemba m'buku langa la miyeso kuyambira kumbuyo, chifukwa kutsogolo kwadzaza ziuno ndi mapewa a anthu a pa Ulongwe amene akudikira madiresi a Pasaka. Adikira ndithu. Ndilembenso dzina, mwina bukuli nkudzatsala lokha: Dorica, telala wa pakhonde la golosale ya a Jasten, zaka 46.

Matenda: khansa ya khomo la chiberekero. Sikelo: makilogalamu 52. Magazi: 7.8, akuti achepa, mawa andiwonjezera. Wondidikirira ndi mng'ono wanga Rose. Iyeyu amaopa aliyense wovala zoyera, ndiye akangosiya chakudya amathawira kokhala magadiyani.

Pa bedi 6 pali mayi wa ku Chiuta, Zuhura Abiti Sabiti, woyanika ndi kugulitsa nsomba. Matenda athu ndi amodzi, koma iye uwu ndi ulendo wake wachiwiri wolandira mankhwala. Thupi laling'ono, chiuno ndikayeza ndi maso sichiposa 26, koma pakamwa ndi pa munthu wa pamsika. Ndisanakhale nkomwe anali atandifunsa kale kwathu, ntchito ndi mpingo.

"Pa bedi lanulo mwezi watha panali mayi wa ku Phalula," anatero.

"Anapita kwawo?"

"Anapita."

Sindinafunsenso. Matiresi ali ndi kadzenje pakati, ka munthu wamfupi kuposa ine, ndipo thupi langa likumangotsetserekera momwemo.

Lachitatu, 5 Malichi

Magazi paketi imodzi, kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko. Akatekisi anabwera kudzatipaka phulusa ife Akatolika, poti Lenti yayamba lero. Zuhura anandiyang'ana pachipumi nkuphulika nako kuseka. "Atelala, mwagwera m'mbaula?" Ndinamuuza kuti iyenso ali ndi kachipsera pachipumi kogunditsa mutu pamkeka wa swala, mapemphero awo Asilamu, ndiye tisasekane.

Nthawi ya alendo ndinadzuka kuti ndipite kuchimbudzi, osadziwa kuti ndataya magazi pabedi ponse, amuna a eni ali thothotho m'wodi. Zuhura anavula chitenje chake chapamwamba nkundiponyera m'chiuno, china nkuphimba pabedi. Kenako anayamba kukalipira mwamuna wake mokweza pa nkhani ya ukonde wong'ambika, kuti maso onse athawire kwa iwo. Mwamunayo, Che Hamadi, ndi munthu wofatsa, anangozolika osadziwa chimene walakwa. Akugona kumzikiti wa kumsika, amabwera m'mawa ndi madzulo.

Ramadani inayamba Lamlungu. Ndaona kuti phala la m'mawa Zuhura analibisa m'kabati, tiyi wa masana nkupatsa Zainab wa pa bedi 7, Msilamu mnzake wothyoka mwendo. Si zanga izo.

Lachinayi, 6 Malichi

Tsiku la mankhwala. Dokotala wa khansa amabwera kuno ku Balaka kuchokera ku Blantyre Lachinayi lokha, masiku ena amalankhula naye pa foni. Dzina lake Dokotala Zubairu, wamtali, milomo youma gwa. Nayenso akufunga, monga amanenera iwo kusala kudya kwa mwezi uno.

Dongosolo lake linali ili. Dilipi ya madzi, lita imodzi. Jakisoni woletsa kusanza. Mankhwala enieni, dzina lake sisipulatini, mamiligalamu 75. Kenako dilipi inanso. Tinayamba 10 koloko, tinamaliza 4.

Wosakaniza mankhwala ndi a Raymond, amavala magolovesi awiriawiri. Ndinawafunsa kuti m'thumba loyera ngati madzi a pampopi muli chiyani choti nkuchiopa chonchi. Anati muli chitsulo chotchedwa pulatinamu, chimene olemera amapangira mphete. Chikalowa m'thupi chimakamanga khansa kuti isaswane, chotsala chimatulukira ku impso. Chikachedwa mu impsomo chimaziwotcha, ndipo chimene chimachikankha kuti chidutse msanga ndi madzi basi. Anati alipo mankhwala ena a banja lomwelo, kabopulatini, ofatsirapo pa impso, koma amagwetsa magazi ndipo kuno amachita kuitanitsa. Kunja uko akuti kuli anthu amene akuyesabe kuchiveka chitsulochi chovala china kuti chizidutsa mu impso osakanda.

"Ndiye akusowa telala," ndinatero.

Anaseka. Iwonso ali pa kafukufuku wawo, akulemba madzi amene aliyense wa ife akumwa ndi nambala ya impso, kuti opanga mankhwala adzadziwe za impso za anthu a kuno. Nambalayo dzina lake kiriyatinini, ikakwera ndiye kuti impso zikulephera. Yanga 64. Ya Zuhura 98.

Adokotala anaima nthawi yaitali pa faelo ya Zuhura. Anayamba m'Chiyao, nkumalizira m'Chichewa.

"Amayi, simukufunga, eti?"

"Ngwamba, ayi, adokotala."

"Wodwala safunga, mudzabweza masiku mukachira. Impso zanu zatopa kale. Ngati kumwa madzi kukukanikani mundiuze lero, tidikire mankhwala enawo."

"Ine wa panyanja ndiope madzi?"

Anamupatsa sisipulatini. Dilipi ikulowa ndinaona misozi ikutsikira m'makutu mwake. Ndinkayesa ndi ululu, koma anandinong'oneza kuti tsiku lake lawonongeka.

Lamulo la a Maziko, nesi wamkulu wa masana: aliyense botolo la malita awiri, dzina pa pulasitala, lithe pofika 4 koloko iwo asanaweruke. Lita yachitatu timwe tokha madzulo. Atisunga sabata yonse poti kwathu ndi kutali.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndasanza kanayi. M'kamwa ngati ndayamwa kiyi.

Cha m'ma 12 koloko kunatentha, wodi yonse ili zii. Botolo langa linali litatsala pang'ono. La Zuhura linali lodzaza mpaka pakhosi.

"Atelala, mukatha lanulo mundimwereko langa."

"Adokotala anati chiyani dzulo?"

"Anati ndidzabweza ndikachira. Tandiyang'anani bwino, inu oyeza anthu ndi maso. Ramadani ya chaka cha mawa ndidzaiona ine?"

Ndinayang'ana kuzenera.

"Ndimwa dzuwa likalowa," anatero, "kuyambira futari ya madzulo mpaka daku ya m'bandakucha, malita onse atatu. Impso zimadziwa koloko?"

"Bwanji osangotaya?"

"Kutaya madzi mwezi uno? Kumwetsa waludzu ndiye sawabu, mphoto kwa Mulungu. Inu mupindule, inenso ndipindule."

Ine ndakulira pa Ulongwe. Kwathu munthu sutafuna ngakhale nzimbe pamaso pa mnzako amene akufunga, umakabisala nayo kuseri kwa nyumba. Kukakamiza wofunga kuti amwe madzi ndi chipongwe chimene sindinachionepo. Ndipo chitenje chake chinali chikadali pachingwe panja, magazi anga sanachoke bwinobwino. Anakankha botolo ndi phazi, linakwekweretseka pasimenti kudzera pansi pa bedi mpaka kufika pa ine. Ndinamwa pang'onopang'ono mpaka 3 koloko, nkulibweza njira yomweyo.

A Maziko anachonga mabotolo onse awiri. "Mabedi awiriwa ndiye ophunzira anga," anatero.

Madzi masana: ine malita 4. Zuhura 0.

Loweruka, 8 Malichi

Kuchimbudzi maulendo khumi ndi anayi. Zainab akuti ndasanduka mpopi wa mjigo, andiikire ndowa pansi. Tinaseka tonse, Zuhura kuposa aliyense.

M'makutu mwayamba kulira ngati nkhululu. A Raymond akuti ndi mankhwala omwewa.

Dzuwa litalowa Che Hamadi anabweretsa futari, chinangwa chophika ndi nsinjiro ndi tiyi. Iwo akuganiza kuti mkazi wawo amadya masana, ndipo madzulo amangowaperekeza. Zuhura anapemphera, anamwa madzi makapu awiri mothamanga, onse anabwerera m'beseni. Anayesanso, anabwereranso. Botolo lake la madzulo a dzulo ndinaliyeza ndi tepi m'mawa uno: linatsika mainchesi awiri okha.

Masana ndinamwanso lake.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndinakana. Botolo litafika pansi pa bedi langa ndinalibweza ndi phazi. Analikankhanso. Tinakankhirana katatu ngati ana, kenako anati, "Achemwali, mawa lokha. Akatenga magazi muona nokha kuti palibe kanthu. Mundichititse manyazi pamaso pa Mulungu chifukwa cha botolo?"

Dzulo lonse wapita kuchimbudzi kamodzi. Akakolo ake atupa, ndikadina ndi chala dzenje likutsala. Iye akuti ndi kukhala pabedi.

Ndilembe zoona. Akamaswali chokhala, manja pamaondo, nkhope yake imakhala ya munthu amene ali pakhomo pake. Ine chilowere muno sindinapezepo mtendere wotero, ndipo ndimamuchitira nsanje. Ndikuopa. Ndinamwa.

Lolemba, 10 Malichi

Atenga magazi 8 koloko. Zotsatira mawa.

A Raymond anadutsa ndi mapepala awo. Pa dzina la Zuhura ndinaona ndi maso anga: malita 2, malita 2, malita 2. A Maziko anayang'ana m'chikho choyezera mkodzo wake nkukwinya nkhope.

"Madzi onsewa akupita kuti, amayi?"

"Thukuta, anesi. Si mukuona kutenthaku?"

Ine ndinali kuwerenga maluwa a pa chitenje changa.

Zuhura sakusekanso. Akudzikanda manja mpaka kutuluka timagazi, mpweya wake ukununkha zachilendo. Botolo linabwera 12 koloko, ndinamwa, theka ndinasanza. A Maziko anachonga.

Lachiwiri, 11 Malichi

M'mawa Zuhura anandiitana "amama". Ankati mvula ikubwera, ndikavundikire nsomba pathandala. Kenako nzeru zinabwerera, anandifunsa ngati lero ndi la khumi chiyambire kufunga. Zikope zatupa, mphete yalowa m'chala.

Botolo linabwera 10 koloko, koma phazi lake linalibe mphamvu, linaima pakati pa mabedi athu. Ndinalitola, ndinayenda nalo lodzaza choncho mpaka pa tebulo la a Maziko, nkuliimika pa mafaelo awo.

"Mayi wa bedi 6 sakumwa. Akufunga."

"Kuyambira liti?"

"Lachisanu."

"Nanga mabotolo aja amatha bwanji?"

Anandiyang'ana kuyambira kumaso mpaka kumimba, nkunyamuka mothamanga. Dilipi anamuika 11:20, ndi paipi ya mkodzo. M'thumba munangotsika timadontho tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Zuhura anatsegula maso, anayang'ana dilipi, kenako ine.

"Atelala, mwandigulitsa."

Zotsatira zinafika 2 koloko. Yanga 61. Yake 512.

Lachitatu, 12 Malichi

Amutengera ku Blantyre, ku makina osefa magazi. Ambulansi inanyamuka 9 koloko. Pomudutsitsa pa bedi langa anatembenuzira nkhope kukhoma. Che Hamadi anandigwira chanza ndi manja awiri, akuti ndiziwapempherera.

Achotsa nsalu pa bedi 6, atsuka matiresi ndi mankhwala onunkha. Botolo lake lili m'bini, pulasitala ya dzina ikadalipo.

Lachinayi, 13 Malichi

Dokotala Zubairu anakhala pa bedi 6 lopanda nsalulo, moyang'anizana nane. Bola akanandikalipira.

"Mayi Dorica, mukanatiuza Lachinayi, tikanadikira kabopulatini. Mukanatiuza Lachisanu, tikanamuika madilipi. Ndikanamuitanira ngakhale shehe kuti amumasule mtima. Njira inalipo."

Kenako anati sanganene kuti ndi madzi okha, chifukwa chotupa chake chinkapanikiza kale njira za mkodzo, ndipo ena amamwa bwinobwino impso nkulepherabe. Ankafuna kundipeputsira katundu. Sunapepuke.

A Raymond anabwera ndi rula. Anakhwatcha mizere inayi pa dzina la Zuhura, nkukhwatchanso inayi pa dzina langa. "Manambala anunso ndi abodza," anatero motsitsa mawu. "Ndinali nditayamba kudabwa kuti impso zanu nzotani." Impso zanga ndi za munthu amene anamwa madzi a anthu awiri.

Mawa nditulutsidwa. Ndidzabwerenso pa 25.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndabwerera. Kunyumba sindinalembe kanthu, sindinasokenso kanthu. Bedi lomwe lija, nambala 5. Sikelo: 49. Magazi: 9.1.

Ndinafunsa a Maziko ndisanamasule katundu. Zuhura anamwalira Lachitatu pa 19, ku Blantyre konko. Anamuika tsiku lotsatira kwawo ku Chiuta.

Pa bedi 6 pali mayi wamkulu wa shuga, samva bwino, salankhula ndi munthu. Zainab anatuluka kale. Palibe wina m'wodi muno amene anamudziwa Zuhura, kupatula ine ndi a Maziko.

Lachitatu, 26 Malichi

Madzi akundikana. Zinayamba kunyumba. Tiyi amalowa, phala limalowa, koma madzi oyera akangofika pakhosi pamatsekeka. Rose wayesa a mumtsuko, a mufiriji ya a Jasten, othira ndimu, onse chimodzimodzi.

Lero 12 koloko, wodi ili zii, ndinamva botolo likukwekweretseka pasimenti pansi pa bedi. Ndinalimva bwinobwino, kuyambira ku bedi 6 mpaka kuima pa ine. Ndinasuzumira. Panali masilipasi anga ndi beseni. Mayi wa shuga anali m'tulo, mapazi ali m'bulangete. A Raymond akuti makutu a anthu olandira mankhwalawa amamva zambiri. Ndavomera, koma nkhululu ndimaidziwa kulira kwake, ndipo ili linali botolo lodzaza.

Kiriyatinini: 118.

Lachinayi, 27 Malichi

Adokotala akuti ndi nambala imeneyi sangandipatsenso sisipulatini. Andisinthira ku kabopulatini. Ndinafunsa kuti si paja amachita kuitanitsa? Anati alipo kale.

A Raymond pobweretsa thireyi anaika chala chachikulu pa kabokosi, koma telala saphonya kachizindikiro. Panali dzina lokhwatchidwa ndi cholembera chakuda, langa lili pamwamba pake. Zilembo za pansi zinkaonekabe. Adokotala anaitanitsa mankhwalawa tsiku limene Zuhura anapita ku Blantyre, kuti akachira impso adzapitirize nawo.

"Akanakhala kuti mankhwala opanda vuto pa impso aja anapezeka kale," ndinawafunsa a Raymond, "bwenzi ali moyo?"

"Mwina. Koma amenewo akadali m'mabotolo a ofufuza, amayi. Kuti afike pa bedi ngati ili papita zaka."

Dilipi inatenga ola limodzi lokha. Sindinasanze ngakhale kamodzi. Mankhwala abwino ndithu, ofatsa. Ndinalira mpaka Rose anathawa.

Loweruka, 29 Malichi

Andisunga chifukwa chosamwa. Dilipi malita awiri pa tsiku. Botolo linabweranso 12 koloko. Sindinasuzumire.

Lolemba, 31 Malichi

Lero ndi Idi. Kuchokera pazenera ndaona amuna a mikanjo yoyera akutsika kumsika, ndi amayi ovala nsalu zofanana. Chaka chilichonse sabata ino ndimakhala ndisakugona, kusoka za Idi. Banja lina linabweretsa mpunga wa nyama nkugawira wodi yonse, Mkhristu ndi Msilamu yemwe. Ndinadya masipuni atatu.

Kiriyatinini: 96. Ikutsika.

Lachiwiri, 1 Epulo

Che Hamadi anabwera nthawi ya alendo ya masana. Anadzatenga mkeka wa swala ndi kapoto zimene zinatsala m'kabati tsiku la ambulansi. Waonda, mkanjo ukungolendewera m'mapewa. Anakhala pa benchi pafupi ndi bedi langa, phukusi la nyuzipepala lili pamiyendo. Fungo lokha ndinadziwa kuti ndi nsomba, makumba ouma.

Nditapepesa maliro, anaika phukusilo kumiyendo kwa bedi.

"Izi ndi zanu, amayi. Anesi andiuza kuti amene ananyamula botolo kukanena ndinu. Mukanapanda inu bwenzi atafera pompano, ine osadziwa chimene chamupha. Sikomo kwejinji."

Ndinati palibe chothokoza.

"Ndabweranso ndi funso," anatero. "Ku Blantyre anandiuza kuti panali munthu amene ankamumwera madzi. Dzulo pa Idi ndakhululukira aliyense amene ndinali naye chifukwa, koma pa ameneyo lilime lakana. Anesi akuti sanganditchulire. Ine ndikudziwa kuti ndi mayi uja wa mwendo, Zainab. Zimenezi angachite ndi wathu yekha. Mkhristu angadziwe bwanji kulemera kwa tsiku limodzi la Ramadani? Kwawo ndakufufuza. Loweruka ndikupita ndi akuluakulu kwa mwamuna wake. Inu munali pafupi, mungonditsimikizira."

Kukhala chete kukanakwana. Akanatenga kuti ndavomera, nkunyamuka. Ndinaganiza za Zainab ndi ndodo zake, akutuluka m'nyumba kudzalandira alendo.

"Che Hamadi, kwa Zainab musapiteko. Ndinkamwa ndine."

Ndinapitiriza.

"Masiku anayi. Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba. Ndinaona mapazi akutupa, ndinamwabe. Zonse zili m'buku ili, ngati mukufuna ndikuwerengereni."

"Iyayi."

Anayang'ana pasimenti pakati pa mabedi awiriwo. Mayi wa shuga anadzuka, anapempha beseni, Rose anamupatsa. Belu lotulutsa alendo linalira.

"Anakupemphani yekha?"

"Yekha."

"Inu nkuvomera."

"Ndinavomera."

Anaimirira, anapinda mkeka nkuupana m'khwapa. Dzanja linapita pa phukusi la nsomba, linakhalapo pang'ono, nkubwerera lopanda kanthu. Atayenda mapazi awiri anatembenuka, koma sanandiyang'ane kumaso.

"Tsiku limene munakanena, mkazi wanga anandiuza kuti atelala amugulitsa, sadzawalankhulanso. Koma za womumwera madzi ndinamufunsa tsiku lililonse mpaka lomaliza, anakana kutchula. Ankangoti, 'Ameneyo ndi m'bale wanga, musiyeni.' Nchifukwa chake ndinkamufuna pakati pa Asilamu."

Sanatsanzike. Rose wamasula phukusi, akuti ndi makumba akuluakulu, akufunsa ngati aphike ndi tomato kapena ndi nsinjiro.